Masabata Khumi ndi Awiri a Achimwene ku Sukulu ya Mkaka

Kwathu tinabadwa anayi. Achimwene ndiwo chisamba, ine ndine mzime, ndipo pakati pathu pali zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndikuyamba kuzindikira zinthu, iwo n'kuti ali kale pa galaja, moti pa ubwana wanga wonse sindikumbukira tsiku limene ndinaona zikhadabo zawo zili zoyera. Anthu a mumsewu mwathu ankawaitana kuti a Sipanala. Dzinalo linamera mizu mpaka mayi athu omwe, akapsa mtima, ankati, "Kamuitane Sipanala uja abwere kuno."

Umakaniko anaugwira zaka makumi awiri ndi zisanu. Anali munthu wa liwu lalikulu, loti akalankhula kuseri kwa injini yolira mawu onse ankamveka bwinobwino. Galimoto yodwala ikamalowa pa geti, ankakweza dzanja kuti aliyense akhale chete, n'kupendeketsa mutu. Kenako ankangoti, "Injini ilibe mlandu imeneyo. Ndi lamba." Akatsegula ankapezadi kuti ndi lamba.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, jeke inaterereka iwo ali kunsi kwa lole yaing'ono. Moyo unatsala, koma phewa lamanja linaphwanyika. Madokotala analumikiza ndi zitsulo n'kuwauza mosabisa kuti zonyamula zolemera aiwale.

Anakhala pakhonde miyezi isanu ndi itatu. Alamu anga amagwira ntchito yophika buledi ndipo amachoka m'mawa kwambiri. Ana awo awiri, onse aakazi, anali ku sekondale. Azimayi oyandikana nawo nyumba ataona kuti pali munthu wamkulu wongokhala, anayamba kumawasiyira tiana. "A Sipanala, mundionereko uyu, ndingofika pa golosale pomwepa." Golosale yakeyo inkatenga maola atatu. Achimwene analibe zidole, koma anali ndi chitini cha mabawuti ndi mawaya akale. Ankachikhuthula pa mkeka, anawo n'kumasankha: aakulu uku, aang'ono uku, adzimbiri paokha. Tsiku lina ndinawapeza ali ndi ana asanu ndi awiri, onse ali zii, aliyense ali kalikiliki ndi mulu wake.

Mwana wawo wamkulu ndiye anabwera ndi fomu ya ku koleji yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za mkaka. Anangoiika pa tebulo n'kunena kuti, "Adadi, ntchitoyi mukuigwira kale. Chimene mulibe ndi pepala basi."

Achimwene athu achiwiri, amene amayendetsa basi, atamva anaseka mpaka misozi. "Munthu wa ndevu pepeya, kukapukuta mamina ana a eni? Bolani mukanakhala mlonda." Sindinama, nanenso ndinaseka. Alamu okha ndi amene sanaseke. Anatenga fomu ija, n'kuipukuta pamene panagwera dontho la tiyi, n'kuwapatsa cholembera.

M'kalasi mwawo munali anthu makumi atatu ndi awiri, mwamuna anali iwo okha. Ambiri anali atsikana a msinkhu wa ana awo, ndipo onse ankawaitana kuti Adadi. Mayeso olemba anakhoza bwino. Koma satifiketi ya ntchito imeneyi sapereka chifukwa cha zolemba zokha. Wophunzira aliyense amayenera kukakhala masabata khumi ndi awiri pa sukulu ya mkaka yeniyeni, pansi pa mphunzitsi wodziwa ntchito amene amamuyang'anira tsiku ndi tsiku n'kudzalemba lipoti. Cha kumapeto, alekichala a ku koleji amabwera kudzaonerera phunziro limodzi n'kupereka malikisi.

Anzawo onse anapeza malo sabata yoyamba. Achimwene anakanidwa pa sukulu zitatu. Palibe amene ananena chifukwa chenicheni. Ankangoyang'ana ndevu zawo, kuyang'ana kalata ya ku koleji, n'kunena kuti malo adzaza. Sukulu yachinayi inali nyumba yakale ya zipinda zitatu, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Pabwalo panali mchenga, matayala opaka penti ndi mpopi umodzi. Ahedi anawerenga kalata ija kawiri, kenako anaitana mphunzitsi wa kalasi la ana a zaka zitatu.

Mphunzitsiyo anali mayi wamfupi, woonda, wocheperapo kwa achimwene ndi zaka khumi. Aliyense pa sukulupo ankamutcha Mayi Dekhani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Mwana akathamanga ndi kapu ya madzi, "Dekhani." Kholo likabwera likubwata, "Dekhani." Anawayang'ana achimwene kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa funso limodzi.

"Mawondo anu ndi abwino?"

"Chovuta ndi phewa, mayi. Mawondo alibe vuto."

"Ndiye mubwere Lolemba. Zikhadabo muwenge."

Ine ndimasoka zovala, ndipo kashopu kanga kali panjira yawo yobwerera kunyumba. Ndinawasokera epuloni yabuluu ya matumba akuluakulu awiri, ndipo madzulo ambiri ankapatukira kwa ine, n'kukhala pa benchi pafupi ndi makina. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinazimva pa benchi imeneyo.

Sabata yoyamba, Mayi Dekhani anawauza kuti asaphunzitse kanthu. Angokhala pakona n'kumaonerera. Anawapatsa kampando ka ana, kofika m'katumba, ndipo atakhalapo mawondo anafika pachifuwa. Kampandoko kankagwedera. Pa nthawi yopuma anakatembenuza n'kupeza kuti misomali inakhwepa. Lachiwiri anabwera ndi hamala ndi sukuludiraiva m'thumba la epuloni. Pofika Lachinayi anali atakonza mipando khumi ndi isanu ndi umodzi, chitseko cha kabati, ndi mpopi wa pabwalo umene unkadontha kuyambira chaka chatha. Ahedi anakondwa kwambiri. Achimwene ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Lachisanu ana ataweruka, Mayi Dekhani anawaitana. Anakhala moyang'anana pa timipando tomwe tija.

"Bambo, sabata yatha. Mwaona chiyani?"

Achimwene anayamba kufotokoza za mipando, za chitseko, za waya wa magetsi umene unali poyera.

"Zikomo, mwatithandiza. Koma ndi mwana uti amene sanadye chakudya chake Lachitatu?"

Achimwene anakanda mutu.

"Ndi ana angati amene amagwira chekeni ndi dzanja lamanzere?"

Anayang'ana mipando imene anakonza ija.

"Nanga amene amalira mayi ake akamachoka, koma amasiya akangopatsidwa buku lofiira lija, ndi uti?"

"Sindinazindikire, mayi."

"Ine ku koleji sindinapemphe kalipentala. Anandipatsa mphunzitsi. Hamala ija isabwerenso." Anatsegula kabati, n'kutulutsa kope latsopano. "Lolemba musankhe mwana mmodzi. Mmodzi yekha. Muzilemba zimene akuchita, osati zimene inuyo mukuganiza. Mukalemba kuti 'wakwiya', ndifufuta. Mulembe kuti 'waponya kapu pansi n'kulowa kunsi kwa tebulo'. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku limenelo anafika pa shopu panga nkhope ili yakugwa. Anakhala nthawi yaitali akungotembenuza kope lija. Kenako anati, "Iwe telala, zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anyamata kuti asamathamangire sipanala asanamvetsere injini. Lero kamayi kaja kandiuza zomwezo, ine n'kukhala kukamwa yasa."

Mwana amene anasankha anali kamtsikana kamene aphunzitsi ena ankakatcha Kamano, chifukwa kankaluma anzake. Pafupifupi tsiku lililonse pankakhala mwana wolira ndi zidindo za mano pamkono. Achimwene anati anakasankha chifukwa ndi kamene aliyense ankakazemba.

Sabata yachitatu anawalola kuphunzitsa phunziro lawo loyamba, la mitundu: chofiira, chachikasu, chobiriwira. Chikonzero chawo chinali cha masamba anayi, cholembedwa bwino ndi rula. Anaima kutsogolo, msinkhu wonse uja, n'kutulutsa liwu la pa galaja.

"Ana inu! Tcherani khutu!"

Ana awiri analira pomwepo. Wachitatu analira chifukwa anzake akulira. Achimwene anakweza pepala lofiira n'kuyamba kufotokoza kuti mitundu ilipo yambiri ndipo lero tiona itatu. Mnyamata wina anadzuka n'kupita pa zenera. Wina anavula nsapato n'kuyamba kuinunkhiza. Kamano analuma mnzake. Achimwene anakweza mawu, ana anakwezanso awo. Ankaponya maso kwa Mayi Dekhani kuti awapulumutse, koma mayiyo anangokhala pakona, akulemba, ngati kuti palibe chikuchitika. Anadikira mphindi zisanu ndi ziwiri zathunthu. Kenako anadzuka, n'kukhala pansi pakati pa mkeka, n'kuyamba kuimba motsitsa kwambiri, mongonong'ona. Ana anayamba kubwera mmodzimmodzi kuti amve, mpaka onse anamuzungulira.

Ataweruka, achimwene anafunsa mokhumudwa. "Bwanji simunandithandize msanga?"

"Ndikanathamangira, mukanaganiza kuti vuto ndi ana. Tsopano tandiuzani, inuyo mwaona bwanji?"

"Ndalephera."

"Zimenezo si zimene ndafunsa. Analira nthawi yanji?"

"Nditangoyamba kulankhula."

"Inu mutaona munthu wamtali ngati denga akukuwa pamwamba panu, mungamve zimene akunena? Tsikani pansi, maso anu alingane ndi awo. Mawu achepe. Ndipo mwana wa zaka zitatu samva chofiira ndi khutu. Mpatseni achigwire."

Madzulo ake anandiuza kuti basi, akusiya. Anati munthu sangakalambire pa ntchito imodzi n'kukayambanso kukwawa pa ina. Ine ndinali ndikusoka mpendero wa diresi, ndipo sindinaimitse makina.

"Chabwino, siyani," ndinatero. "Epuloni ija mubweze, ndikaisandutsa mapilo. Ndipo mukawauze nokha achimwene a basi kuti ananena zoona."

Anandiyang'ana ndi diso lofiira. "Iwe, ndinakubereka kumsana ine."

"Ndiye mwaona? Ntchitoyi munaiyamba kale ndi ine. Kapena nanenso munkandikuwira?"

Anaseka osafuna. M'mawa mwake anapita.

Anaphunzira kugwada. Anaphunzira kulankhula motsitsa, moti alamu ankati kunyumba ayamba kuwafunsa kawiri kuti abwereze. Anaphunzira kuti kusamba m'manja ndi phunziro, kuvala nsapato ndi phunziro, kudikira mnzako amalize kumwa madzi ndi phunziro lalikulu kuposa onse. Atapempha kubwera ndi chitini chawo cha mabawuti, Mayi Dekhani anatenga kachubu ka pakati pa pepala la kuchimbudzi n'kuwauza kuti chilichonse cholowa m'menemo chingalowenso pakhosi pa mwana. Achimwene anakumbukira tiana ta pakhonde paja tikuseweretsa mabawuti aang'ono, ndipo chitinicho anachisiya kunyumba. Anakapempha zidutswa za matabwa kwa oyandikana nawo, n'kusema mabawuti akuluakulu ngati chibakera, n'kuwapala mpaka kusalala. Tsiku lililonse ana akaweruka, ankakhala ndi Mayi Dekhani mphindi makumi awiri, ndipo funso loyamba linali lomwe lija: mwaona bwanji?

Mavuto enieni anabwera sabata yachisanu. Bambo wina wogulitsa mankhwala, amene mwana wake wamkazi anali m'kalasimo, anamva kuti "ankolo a ndevu" anathandiza mwanayo kumanga zingwe za nsapato. Anasonkhanitsa makolo anzake asanu ndi mmodzi n'kubwera kwa ahedi. Anati sanabweretse ana awo kuti azigwiridwa ndi mwamuna wosadziwika kumene wachokera.

Ahedi anaitana Mayi Dekhani, ndipo iye anati achimwene abwerenso, chifukwa si bwino kukamba za munthu iye ali kuseri kwa chitseko. Onse atakhala pansi, Mayi Dekhani anafotokoza malamulo a pa sukulupo: wophunzira ntchito aliyense, wamkazi kaya wamwamuna, satsala yekha ndi ana, saperekeza mwana kuchimbudzi, ndipo chitseko cha kalasi chimakhala chotsegula nthawi zonse. Anaonetsa kalata ya ku koleji ndi ya kupolisi yotsimikiza mbiri yawo. Bambo uja sanakhutire.

"Mwamuna wabwinobwino angafune ntchito imeneyi chifukwa chiyani?"

Ndikuwadziwa achimwene anga. Pa galaja munthu akanawayankhula choncho, akanatuluka geti chothamanga. Koma anaimirira, manja ali kumbuyo, n'kunena motsitsa.

"Bambo, simunalakwe kufunsa. Nanenso ndili ndi ana aakazi awiri, ndipo ndikanakhala inu ndikanafunsa. Sindingakuuzeni kuti mungondikhulupirira, chifukwa simundidziwa. Chimene ndingapemphe n'chakuti mubwere tsiku lililonse limene mungafune, osanena, mudzakhale m'kalasi. Mpando ulipo, ngakhale ndi waung'ono."

Bamboyo anabweradi, m'mawa katatu konse, atavala jekete, mawondo ali pachifuwa. Tsiku lachitatu ana anamukoka kuti akhale sitima ya pamtunda pa masewera awo, ndipo anatuluka jekete ili ndi zala za penti. Sanapepese, koma sanadandaulenso. Mabanja awiri anachotsabe ana awo. Limodzi linabweza mwana patatha mwezi. Linalo silinabwerenso, ndipo achimwene zinawapweteka kwambiri, chifukwa kamnyamata ka banjalo kanali katangoyamba kumene kugwira sizasi.

Nthawi yonseyi kope la Kamano linkadzaza. Sabata yachisanu ndi chiwiri, tsiku lina Loweruka, anakhala pa benchi yanga akuwerenga zimene analemba kuyambira pachiyambi, akuika timizere ndi pensulo. Mwadzidzidzi anati, "Telala, taima makinawo." Anandiwerengetsa. Lolemba, mnzake anabwera kumanzere kudzatenga chidole, analuma. Lachinayi, wina anamugwira phewa lamanzere kuchokera kumbuyo, analuma. Pa nthawi ya nthano, akakhala kumanja kwa mkeka amadzuka n'kumayendayenda, akakhala kumanzere amamvetsera mpaka kumapeto, atapendeketsa mutu. Pa kuluma khumi ndi kanayi kumene analemba, khumi ndi kawiri mnzakeyo anachokera kumanzere.

"Mwanayu si wankhanza," anatero. "Akudzidzimuka. Khutu ilo silikugwira ntchito."

Ine ndinati athamange akauze mayi ake. Anapukusa mutu. "Ine ndine wophunzira, sindine dokotala. Ndikanena ndekha n'kupezeka kuti ndalakwitsa, ndiopseza mayi wa eni pachabe. Ndikauza ondiyang'anira."

Lolemba Mayi Dekhani anawerenga kope lonse. Masiku awiri otsatira anayesa yekha. Ankaima kumanzere kwa mwanayo n'kumuitana motsitsa, mwana osatembenuka. Akaima kumanja, mwana cheu. Lachitatu anaitana mayi a mwanayo, amene amachapa zovala m'mahotela, n'kuwapempha modekha kuti akamupimitse makutu. Mayiwo poyamba anaganiza kuti awaitanira nkhani ya kuluma ija, ndipo analowa atayamba kale kupepesa. Kuchipatala anapeza kuti khutu lamanzere linatsekeka ndi madzi kuyambira pamene mwanayo anadwala ali wakhanda. Anayamba kumuthandiza. M'kalasi anamusinthira malo, ndipo ana anaphunzitsidwa kuti pofuna kulankhula naye azibwera kutsogolo kuti awaone. Kuluma sikunathe tsiku limodzi, koma kunachepa mpaka dzina lija linayamba kuiwalika.

Pa msonkhano wa aphunzitsi wa Lachisanu, Mayi Dekhani anaimirira pamaso pa ahedi ndi anzake n'kunena kuti, "Mwana uyu ndakhala naye miyezi isanu, sindinaone. Awa amuona m'masabata asanu ndi limodzi. Ndikufuna zimenezi zidziwike." Achimwene pondiuza zimenezi anayang'ana kumbali n'kunamizira kuti m'maso mwalowa ulusi.

Alekichala anabwera sabata yakhumi. Anali mayi wa magalasi, wonyamula fomu ya masamba atatu yokhala ndi timabokosi. Phunziro linali la chachikulu ndi chaching'ono, pogwiritsa ntchito mabawuti a matabwa aja. Achimwene analiyeserera kunyumba mpaka alamu ndi ana awo analoweza nyimbo yake. Linayamba bwino. Ana khumi ndi asanu ndi atatu anakhala pa mkeka, iwo atagwada pakati.

Pasanathe mphindi zinayi, chilole chachikulu chonyamula matabwa chinayamba kubwerera chammbuyo kulowa pa geti la oyandikana nawo, chikulira pii, pii, pii. Ana onse anadzuka ngati munthu mmodzi n'kuthamangira pa zenera. Pa mkeka panatsala achimwene ndi mabawuti awo.

Anayang'ana chikonzero chawo, anayang'ana misana ya ana. Kenako anatembenukira kwa Mayi Dekhani n'kufunsa ngati angatuluke nawo mpaka pa mpanda. Mayiyo anagwedeza mutu n'kudzuka. Anawandandalika awiriawiri, atagwirana manja, n'kukaima mkati mwa mpanda wa waya, pamene loleyo inkaoneka yonse. Pafupi pake panali wilibala ya anyamata otsitsa matabwa.

Achimwene anagwada pa mchenga. "Tayala la lole ndi tayala la wilibala, lalikulu ndi liti?"

"La loleee!"

"Tandionetsani ndi manja kukula kwake."

Timanja tonse tinatambasuka. Anawerenga matayala a mbali imene ankaiona. Anafunsa chifukwa chimene loleyo ikulirira, ndipo kamtsikana kaja, kamene kale kankaluma, kanati, "Ikuti chokani, chokani." Dalaivala ataona gulu la ana anaimba hutala kamodzi, ana n'kukuwa ndi chimwemwe. Atabwerera m'kalasi, aliyense anajambula tayala lalikulu ndi laling'ono. Ena anajambula zinthu zooneka ngati mbatata zophwanyika, koma aliyense ankadziwa kuloza kuti chachikulu ndi ichi. Mabawuti aja sanagwiritsidwe ntchito n'komwe.

Pokambirana pambuyo pake, alekichala anati ana anaphunzira, zimenezo sakutsutsa. Koma fomu ili ndi bokosi lofunsa ngati wophunzira watsatira chikonzero chake, ndi lina lofunsa ngati wagwiritsa ntchito zipangizo zimene anakonza. M'mabokosi amenewo sakanatha kuika malikisi.

Mayi Dekhani, amene ankauza dziko lonse kuti lidekhe, tsiku limenelo sanadekhe. "Mayi, mukanafuna awakoke ana khumi ndi asanu ndi atatu kuwachotsa pa zenera kuti bokosi lanu lidzaze? Ine zinanditengera zaka zitatu kuti ndiphunzire kusiya pepala n'kutsata ana."

"Ndikumva," anatero alekichala, "koma fomu sindinalembe ndine."

Achimwene ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anati alekichala alembe zimene aona, iwo sadandaula. Motero sanakhale woyamba m'kalasi mwawo. Anakhala wachisanu ndi chinayi pa anthu makumi atatu ndi awiri. Koma lipoti la Mayi Dekhani, limene ophunzira amaloledwa kuliwerenga asanalitumize, linathera ndi mawu akuti: "Anabwera akudziwa kukonza zinthu. Akuchoka akudziwa kuyang'ana mwana. Ndikanakhala ndi mwana wa zaka zitatu, ndikanamuika m'kalasi mwawo." Anandibweretsera kuti ndiwerenge ndekha, ndipo anaima pambali panga kuonetsetsa kuti sindikudumpha mzere.

Tsiku lomaliza ana anawapatsa pepala lalikulu lodinda zikhato zawo ndi penti. Mnyamata wina anakakamira mwendo wawo mpaka mayi ake anachita kumumatula. Mayi Dekhani anawagwira chanza pa geti n'kuwauza kuti nyimbo amaimbabe mophonya, ayesetse.

Pa mwambo wolandira masatifiketi tinapita banja lonse. Achimwene a basi anasinthitsa tsiku lawo la ntchito, n'kukhala kutsogolo, ndipo dzina litaitanidwa anakuwa kuposa tonse, "Ameneyo ndi mkulu wanga!" Mayi athu, amene n'kuti akuyenda ndi ndodo, anafunsa ngati tsopano tiziti aphunzitsi. Anayesa tsiku limodzi, mawa lake anabwerera ku Sipanala.

Ntchito sinapezeke msanga. Pa sukulu ija panalibe malo, ndipo kwina ndevu zinkawatsekerabe zitseko. Anadikira miyezi isanu ndi iwiri. Kenako sukulu ina ya kutsidya kwa njanji inasowa mphunzitsi pakati pa chaka, ndipo ahedi ake ataimbira foni Mayi Dekhani kufunsa ngati akudziwa munthu, anapatsidwa dzina limodzi lokha. Ali komweko mpaka lero, chaka cha khumi ndi chimodzi. Zaka zisanu zapitazi koleji yakhala ikuwatumizira ophunzira oti awayang'anire, ndipo pa asanu ndi anayi amene adutsa m'manja mwawo, awiri ndi amuna.

Vuto limene tili nalo pabanja pathu tsopano ndi kuyenda nawo mumsewu. Mwezi watha ndinawapempha kuti andiperekeze kukagula makina atsopano, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Tisanafike pa mphambano, mtsikana wa yunifolomu ya pulayimale anawoloka msewu chothamanga kudzawaonetsa kuti dzino lachiwiri lagweruka. Patsogolo pang'ono mayi wina anatsitsa dengu kuti awauze kuti mwana wake tsopano amawerenga zikwangwani zonse za m'tauni mokweza, mpaka za manyazi zomwe. Pa sitolo ya nsapato mnyamata wamtali kuposa iwo, wa mawu oyamba kukhuthala, anavula chipewa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwandiiwala?" Achimwene anamuyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Iwe unkabisa nthochi m'sokosi." Mnyamatayo anabisa nkhope, anzake akufa ndi phwete.

Tinafika kogulitsa makina atatseka kale kupita ku nkhomaliro. Ndinawadandaulira kuti andichedwetsa. Iwo anakhala pa sitepe ya sitoloyo, n'kutambasula miyendo, n'kunena kuti tidikire, akatsegula tilowa.